Babu likayaka sindiye kuti magetsi a jenereta ali bwino

A Mkonzi,

Nyuzipepala yanu imatipeza mochedwa kuno ku Ulongwe. Nthawi zina imafika itakulungidwira usipa wa kumsika wa ku Lizulu, tsamba loyamba lili noninoni, koma timaiwongola n'kuwerenga ndithu. Ine ndine wokonza mawailesi, ma TV, maampu ndi mafoni. Ntchito imeneyi ndili nayo zaka 19, ndipo pa zaka zonsezi ndakhala ndikutukwanidwa pa mlandu umene si wanga. Ndaganiza zomutchula mwini mlanduwo kudzera mwa inu, poti amene tikulira naye si ife a ku Angónia tokha. Majenereta amene akuwotcha katundu kuno ndi omwewo ali ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malire amawoloka pa njinga ngati matumba a mbatata.

Mu Ogasiti chaka chatha kudabwera mayi ena a kumudzi wina wa kufupi ndi phiri la Domwe, atabereka TV kumbuyo ndi chitenje ngati mwana. Kameneka kadali kachitatu m'miyezi iwiri. Sadadikire n'komwe kuti ndiwapatse mpando. "Bambo inu, mbatata ndizilima ine, ndalama muzidya inu? Mukumandiikira dala zitsulo zakutha kuti ndizingobwerabwera." Pakhonde padali anyamata odikira mafoni awo, ndipo adaseka mpaka wina kugwira m'mimba. Nditatsegula ndidapeza zomwe zija: fyuzi yakuda bii, kapasita yotupa ngati chitumbuwa, mbali yonse yolandira magetsi itapsa. Kwina konse kudali kwabwinobwino. TV ikamafa malo amodzimodzi katatu, matenda sakhala ali mwa iyo, amakhala ali m'chimene ikudya. Ndidawauza kuti, "Mayi, lero musalipire. Loweruka ndibwera kwanu ndidzaone magetsi anu." Adandiyang'ana ngati ndapenga. "Magetsi ali bwino. Mababu akuyaka onse."

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi, chifukwa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse.

Kumudziko mawaya a magetsi sadafike. Ndidapeza kajenereta kakang'ono, kaja timasakaniza petulo ndi oyilo, kofuka utsi wa buluu. Mnyamata wawo adakaliza, ine ndidalowetsa mita yanga m'soketi. Mavolti 268. Ndidayesa mita yadwala, ndidaizimitsa n'kuiyatsanso, koma 268 yomweyo. Liwiro la magetsi, limene liyenera kukhala 50 Hz, lidali pa 58. Nditamufunsa mnyamatayo, adavomera monyadira kuti adamanga kabawuti kena ka pafupi ndi kabureta kuti injini isamazime ndiponso kuti mababu aziwala kwambiri. Iye amayesa wathandiza mayi ake. Kumbuyo kwa TV kudalembedwa poyera kuti 100 mpaka 240 V. Ndiye kuti usiku uliwonse amaimwetsa phala lowira.

Ndifotokoze mmene ndimawauzira anyamata amene ndimaphunzitsa ntchito. Magetsi a m'nyumba sayenda ngati madzi a mu ngalande olowera kumodzi. Amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Imeneyo ndiyo 50 Hz, ndipo ndi muyezo wa Mozambique, Malawi ngakhalenso South Africa. Mphamvu yake yokankhira ndi mavolti 220 kapena 230. Zipangizo zathu zidapangidwa kuti zizivinira ng'oma imeneyi. Tsono amene adaonerapo gule akudziwa kuti woimba ng'oma akathamanga kapena akazengereza, manyazi amagwera wovina pabwalo, woimbayo ali phee pamalo pake. Amene amandibweretsera ine ndi wovinayo, miyendo itathyoka. Woimba ng'oma amatsala kumudzi, palibe womufunsa.

Jenereta wamba ilibe njira ina yosungira ng'omayo koma liwiro la injini. Kuti itulutse 50 Hz, injini iyenera kuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Pali kachipangizo kotchedwa gavana, kamene kamawonjezera kapena kuchepetsa petulo kuti liwirolo lisasinthe, ndipo kabawuti kamene adamanga mnyamata uja kadali ka gavana ameneyu. Koma injini yaing'ono ili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ponyerani m'ngolomo matumba asanu a feteleza mwadzidzidzi, ziyamba zagwada kaye zisanakoke. Tsitsani matumbawo pakamodzi, zidumphira kutsogolo. Munthu akayatsa ayironi kapena ketulo, injini imabuula, mavolti ndi liwiro zimatsika. Akazimitsa, injini imathamanga kwa kanthawi kochepa zedi gavana asanaigwire, ndipo pa kanthawi kameneko mavolti amalumpha. Diso limangoona babu likuphethira. Dekoda ndiyo imamva kuwawa.

Ometa tsitsi amazidziwa bwino izi ngakhale sazitchula maina. Makina ometera aja ongonjenjemera, opanda mota, amanjenjemera motsata Hz ya magetsi. Liwiro likasokonekera amalira ngati mavu, amatentha m'manja, n'kumazula tsitsi m'malo modula. Pali achimwene ena ometa kufupi ndi chipata cha Calómuè amene alibe mita, koma makina akangosintha mawu amasiya munthu mutu uli theka n'kuthamangira kuseri kukaona jenereta. Ndidawayezerapo tsiku lina, khutu lawo silidanamize.

Kusunga mavolti ndi nkhani ina. Majenereta okulirapo ali ndi kabokosi kotchedwa AVR, kamene kamayang'anira mavolti n'kumawabwezera pamalo pake. Aang'ono otchipa ambiri alibe, ali ndi kapasita chabe, ndiye mavolti amangotsata liwiro la injini ndi kulemera kwa zimene mwalumikiza. Anthu amaopa mavolti okwera chifukwa amapha pompopompo, ndi utsi ndi fungo lomwe. Amene ndimadana nawo kwambiri ine ndi otsika, chifukwa iwo ndiwo mfiti yeniyeni, imadya munthu akuyenda. Mota ya firiji ikalandira mavolti ochepa imakoka magetsi ochuluka kuti igwirebe ntchito yake. Mawaya a m'kati amatentha, vanishi wake amapsa pang'onopang'ono. Firiji imadzafa patatha miyezi, mwina tsiku limene ili pa magetsi a pa pholo, jenereta ili chigonere m'stolo, ndipo mwini wake amanyamuka kukafunafuna amene wamuchitira kaduka pa bizinesi yake ya mafirizesi. Dziwaninso kuti mota ya firiji poyamba kuzungulira imafuna mphamvu yoposa katatu imene imadya ikayamba kuyenda. N'chifukwa chake firiji ya mawati 150 imatha kugwetsa kajenereta kamene pa pepala kakuoneka kokwanira. Ndipo ikazima, ipatseni mphindi zisanu musanaiyatsenso, gasi wa m'kati akhazikike, apo ayi mota imakankha khoma.

Ndisadziyeretse. Pomanga chiliza cha malemu mayi anga ndidabwereka ampu ndi masipika kwa alamu anga kuti kwaya ya kutchalitchi iimbire. Ndidatanganidwa ndi alendo, za petulo ndidaiwala. Jenereta ikamatha mafuta siingozima. Imayamba yatsokomola, kuthamanga, kufooka, kuthamanganso, ndipo magetsi amachita chimodzimodzi. Ampu idafa nyimbo ili pakati. Ine, mmisiri wa zaka zonsezi, pamaso pa mudzi wonse. Alamu sadanene kanthu, ndipo kusanena kwawoko kudandiwawa kuposa mametikali amene ndidalipira. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndaliza jenereta pasanalumikizidwe chilichonse, kuisiya idekhe mphindi ziwiri, kenako kulumikiza zinthu chimodzichimodzi kuyambira chachikulu. Pozimitsa ndimayamba ndazula zonse.

Pali chinthu china chimene mita wamba siionetsa, ndicho kaumbidwe ka funde la magetsi. A pa pholo amakwera ndi kutsika mosalala, ngati funde la pa nyanja tsiku lopanda mwera. A jenereta yotchipa amakhala ndi mano ngati macheka. Mavolti angathe kukhala 225, liwiro lili pa 50, koma funde lili lokhakhala. Mumazindikira ndi zizindikiro zake. Fani imang'ung'udza, wailesi imakhala ndi kaphokoso pansi pa mawu, thiransifoma imatentha popanda chifukwa, ndipo UPS ya kompyuta, kabokosi ka batire kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, imawakana magetsiwo, imangoti kete kete mpaka batire kutha. Akatswiri amakuyeza kukhakhala kumeneku n'kukutcha THD. Kukakhala pansi pa 5 pa 100 amati magetsi ndi oyera, ndipo opanga majenereta a inveta odalirika amalemba kuti awo safika 3 pa 100. Majenereta wamba otchipa amapitirira apo, makamaka akalemedwa.

Apa ndi pamene jenereta ya inveta imasiyanira ndi inzake. Injini yake imapanga magetsi osasamala za ng'oma konse. Magetsiwo amawawongola kukhala olowera kumodzi, onga a mu batire, kenako bolodi la m'kati, kathabwa ka tizitsulo ta magetsi konga ka mu wailesi, limawaumbanso mwatsopano kukhala 230 V pa 50 Hz. Ng'oma tsopano likuimba ndi bolodi, osati injini. N'chifukwa chake injini imatha kutsitsa liwiro katundu akachepa, petulo n'kupulumuka, phokoso n'kuchepa, magetsi osasintha. Anzanga akamadabwa ndimawauza kuti nzeru imeneyi ili pakhomo pathu pomwe. Ku Songo, damu la Cahora Bassa limene adalimaliza mu 1974 lili ndi makina asanu opanga magetsi, onse pamodzi mamegawati 2,075. Magetsi opita ku South Africa amayamba awasandutsa olowera kumodzi pa Songo pomwepo, amayenda makilomita pafupifupi 1,400, ndipo pa siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg amawabwezeranso kukhala opita n'kubwerera. Iwo chifukwa chawo n'china, ndi kutalika kwa ulendo, koma kachitidwe n'komweko. Zoti ife okhala m'chigawo chimene muli damu limeneli tikulemberana makalata a majenereta, imeneyo ndi kalata ya tsiku lina.

Musamve ngati ndikugulitsa ma inveta. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi jenereta wamba ya mphamvu yofanana, koma chimene chimandiopsa ine ndi bolodi lija. Jenereta wamba ikadwala, mmisiri aliyense wa njinga zamoto pa Ulongwe pano aichiritsa. Pulagi, kabureta, mabulashi, AVR yatsopano, madzulo yabwerera kuntchito. Bolodi la inveta opanga ambiri amalimata ndi utomoni wolimba wakuda, moti ngakhale ine wokhalira kusungunula mtovu sinditha kufika pa chimene chapsa. Likafa n'kugula lonse, ndipo kulipeza n'kutuma munthu ku Tete, ku Lilongwe kapena kutali kuposa apo. Silifuna mvula, silifuna fumbi, pamene ife kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba timapuma fumbi lokhalokha. Kaswitchi kake kopulumutsa petulo nako kamagonetsa injini, moti firiji ikadzuka mwadzidzidzi injini imachedwa kuyankha. Amene ali ndi firiji akazimitse kameneko.

Palinso chikomekome cha mkuyu. Dzina la inveta masiku ano likumatidwa pa chilichonse. Kuyesa kwake n'kwapafupi. Yatsani kaswitchi kopulumutsa petulo kaja, lumikizani ayironi, tcherani khutu. Ya inveta yeniyeni injini imakweza mawu katundu akabwera n'kutsitsanso akachoka, koma mita imakhalabe pa 50 Hz osasuntha. Ikakhala wamba yobwereka malaya a eni, mawu a injini akasintha Hz nayo imasintha. Musasokonezenso ndi tiinveta ta batire ndi sola timene tadzaza m'misika. Tambiri totchipa timatulutsa funde la makwerero, lopanda kusalala kulikonse, ndipo fani kapena firiji imavutika nato koposa.

Funso limene aliyense amafunsa m'sitolo ndi loti, "Ndi ya mawati angati?" Wogulitsa amaloza nambala yaikulu ya pa thanki, nkhani yatha. Nambala imeneyo kawirikawiri ndi mphamvu imene jenereta ingapirire kwa masekondi ochepa, kapena ndi dzina chabe la mtundu wake. Tijenereta tambiri tolembedwa 950 timene tadutsa m'manja mwanga, pa kachitsulo ka pambali pamalembedwa mawati 650. Ina amailemba mu kVA, ndipo ngati pambali pake pali 0.8, ndiye kuti 5 kVA ndi mawati 4,000 basi. Kenako pali nkhani ya phiri, imene sindidamvepo wogulitsa aliyense akuitchula. Injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 alionse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ife kuno tili pamwamba pa mamita oposa 1,000, ndiye jenereta imene ingapereke mawati 2,000 ku Beira, ikamafika kuno yasiya kale gawo limodzi mwa magawo khumi panjira. A ku Tsangano ali pamwamba kuposa ife. Abale athu a mumzinda wa Tete phiri alibe, koma ali ndi dzuwa la Okutobala lopitirira madigiri 40, ndipo kutentha nako kumafoola injini. Ine ndimalangiza kuti katundu wa tsiku ndi tsiku asapitirire magawo atatu mwa anayi a nambala yaing'ono ija. Werenganinso kachitsuloko mpaka pansi. Chaka chino wina adandibweretsera jenereta yakaunjika yokongola zedi, akudzitama kuti waiphula motchipa. Idalembedwa 120 V, 60 Hz. Idapangidwira ku America, ng'oma yake ndi ya gule wina.

Wowotcherera zitseko ndi mawindo, wopopa madzi kudimba, wa macheka ndi galayindala, ameneyo agule jenereta wamba yokhala ndi AVR, yaikulu bwino, asataye ndalama pa inveta. Chokhacho asamaikepo TV kapena laputopu pamene akuwotcherera, chifukwa ndodo ikamagunda chitsulo ndi matumba aja akuponyedwa ndi kutsitsidwa m'ngolo mosalekeza. Wolemba makalata pa kompyuta, wa pulinta, woonetsa mpira, woimbitsa pa maukwati, amenewa inveta imawayenera, chifukwa chipangizo chimodzi chikapsa atha kulira ndalama yoposa imene adapulumutsa pogula yotchipa. Machaja enieni a foni ndi laputopu ndi opirira kuposa mmene anthu amaganizira, amalandira kuyambira 100 mpaka 240 V, pa 50 kapena 60 Hz. Amene amaphulika msanga ndi aja opepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu. Sitabilaiza imene ambiri amaikhulupirira imathandiza mavolti okha. Hz siikhudza, funde siisalaza.

Milandu ina jenereta timangoinamizira. Ife a m'malire tili ndi mapulagi a mitundu iwiri, a ku Mozambique a mano awiri ozungulira, a ku Malawi a mano atatu a makona. Akapanda kugwirizana munthu amadula pulagi n'kukhomera mawaya osavala m'soketi ndi timitengo ta machesi. Wayayo amathetheka usiku wonse, ndipo kuthetheka kulikonse ndi mbama kwa TV. Wina amakoka waya woonda wa sipika mamita 40 kupita kwa mnansi, mavolti n'kuthera m'njira. Zinthu ziwiri zokha ndizo sindiseka nazo, poti sizipha TV koma anthu. Kuliza jenereta m'nyumba kapena m'golosale yotseka poopa akuba n'kudzikumbira manda, utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Ndipo kulumikiza jenereta ku soketi ya nyumba musanadule magetsi a pa pholo kumabweza magetsiwo pa mzere, n'kukapha mwana wa eni amene wakwera kukakonza.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa, a mbali ino ndi a mbali yanuyo. Wogula mbuzi amaigwira nthiti, wogula njinga amayamba waipalasa. Jenereta yokha ndiyo timagula ili m'katoni yomata, n'kukaidziwira kunyumba katundu atapsa. Ikani mita ndi ayironi pa kauntala, thirani kapu imodzi ya petulo, munthu aone ndi maso ake. Mavolti akhale pakati pa 210 ndi 240, ayironi ili yoyaka ndiponso ili yozima. Jenereta wamba ikaonetsa 52 Hz yopanda katundu n'kutsikira ku 50 italemedwa, ili bwino. Ikagwera ku 45, kapena ikalumphira ku 58, bwezani m'katoni. Wogulitsa wokana kuliza katundu wake wakuuzani kale zonse. Mita yoyeza mavolti ndi Hz ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi TV, ndipo eni mabizinesi a pamsika umodzi atha kusonkherana n'kugula imodzi. Kwa inu a Mkonzi, mukamalemba za kuzima kwa magetsi ndi anthu othamangira kukagula majenereta, siyaniko kadanga kouza owerenga kuti ayang'ane kachitsulo ka pambali, osati nambala ya pa thanki.

Za mayi a ku Domwe aja, ndidamasula kabawutiko pang'onopang'ono mpaka mita idakhazikika pa 51 Hz, mavolti n'kutsikira pa 232. TV yawo sidabwerenso kwa ine mpaka lero. Mwezi watha adadutsa, adatula chidebe cha mbatata pakhonde, n'kundiuza kuti, "Koma bambo, mababu aja sakuwalanso ngati kale." Kupepesa sadapepese, ndipo mbatatayo tidadya. Mnyamata wawo tsopano amabwera Loweruka lililonse kudzaphunzira ntchito. Mita ndidamupatsa kuti azigwira. Sikuludiraiva ndimasungabe m'thumba mwanga.

Wokonza mawailesi,
Ulongwe, Angónia